Kachikumbu Kotentha Khungu: Mbumba Yake ndi Kumene Kamakhala

Mafumu ndi anyakwawa, aphunzitsi ndi inu otumikira odwala m'zipatala, amayi ndi abambo amene mwalawirira m'mamawa, ena kuchokera m'mbali mwa Revúboè, ena ku Cateme, ena kumtunda ku Zóbuè, ndi inunso ana athu a sukulu amene mwakhala pansi kutsogoloku, ndikupemphani kuti mutchere khutu mofatsa, pakuti nkhani imene ndadza nayo ndi ya kanthu kakang'ono, kosaposa chikhadabo cha munthu m'litali mwake, koma kamene kasowetsa tulo anthu ambiri, kachititsa kuti ena anamiziridwe matenda amene alibe, ndipo kazunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka zoposa 200.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene adzadekha usiku wina wa dzinja, nayang'ana pakhoma pamene pawala nyali ya magetsi, pakati pa ngumbi ndi agulugufe ndi tizirombo tina tosawerengeka timene timasonkhana pamenepo, adzaona kena kowonda, kotalika mamilimita 7 kufikira 10, koyenda mothamanga, kamene poyamba adzakayesa nyerere. Akakayang'anitsitsa, osakakhudza, adzaona kuti mutu wake ndi wakuda. Kuseri kwa mutuwo kuli chigawo chofiirira. Pamsana pali tizivundikiro tiwiri tatifupi, tobiriwira mwakuda ndi tonyezimira. Ndipo kumbuyo kuli mimba yaitali yofiirira, yothera ndi nsonga yakuda. Kakadzidzimuka kamapindira nsongayo m'mwamba, kotero kuti ana ena amakayesa mwana wa chinkhanira, chikhalirecho mbola kalibe, ndipo sikaluma munthu.

Tizivundikiro tija ndito timaulula fuko lake. Pafupifupi chikumbu chilichonse, kuyambira nankafumbwe wa m'nkhokwe kufikira chija chogubuduza ndowe, chili ndi mapiko awiri olimba ophimba ena awiri ofewa amene chimaulukira. Koma pa fuko ili mapiko olimbawo ndi aafupi, osafika ngakhale pakati pa mimba, ndipo ofewawo amapindidwa kangapo kuti akwane pansi pake, kachikumbuko n'kumawakankhira m'kati ndi nsonga ya mimba yake kakangotera. Akatswiri amalitcha fuko limeneli Staphylinidae, dzina limene analikhazikitsa Pierre André Latreille wa ku France m'chaka cha 1802, ndipo mitundu yake yolembedwa kale m'mabuku ipitirira 60,000, ndiko kunena kuti ichuluka kuposa mitundu yonse ya mbalame, ya nyama zoyamwitsa ndi ya nsomba mutaiphatikiza pamodzi. Ina imakhala m'ndowe, ina kuseri kwa makungwa, ina m'bowa. Ndipo ina, chozizwitsa ndithu, imayenda pakati penipeni pa linthumbu kapena kugona m'chulu cha chiswe, eni nyumba osaipha. Wansembe wina, Erich Wasmann, wa chipani chomwecho cha Ajezuiti amene anamanga mishoni ya Boroma kuno kwathu, anatha zaka zambiri za moyo wake akufufuza za alendo a m'nyumba za nyerere amenewa, kufikira imfa yake m'chaka cha 1931.

Buku Lopatulika limatiuza kuti munthu woyamba, pambali pa kulima munda ndi kuusunga, anapatsidwa ntchito yotcha maina zamoyo zonse. Ndipo ntchitoyo, abale anga, sinathe mpaka lero. Makolo athu anaigwira mwanzeru, pakuti anasiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha, natcha mbewa iliyonse dzina lake. Koma dzina la kwathu limalekeza pamene palekeza chilankhulo chathu, ndipo chimene Mchewa achitcha mwakuti, Mnyungwe achitcha mwina, Mpwitikizi mwinanso. N'chifukwa chake Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'buku lake la Systema Naturae monga linatulukira m'chaka cha 1758, anapatsa chamoyo chilichonse maina awiri a Chilatini oti azimveka padziko lonse. Mwambo umenewu si wachilendo kwa ife. Monga munthu ali ndi mfunda wake, Phiri kapena Banda kapena Mwale, umene umamulumikiza ndi abale ake ngakhale a kutali amene sanawaonepo, nakhalanso ndi dzina lakelake lomusiyanitsa ndi mbale wake wa bere limodzi, momwemonso dzina loyamba la Chilatini ndi la mbumba, lachiwiri ndi la mtundu. Linnaeus anaunjika zikumbu za mapiko aafupi mu mbumba imodzi, Staphylinus, ndipo mwa izo munali kena ka m'magombe a mitsinje ya ku Ulaya kamene anakatcha riparius. Patapita zaka 17, m'chaka cha 1775, wophunzira wake Johan Christian Fabricius wa ku Denmark anaona kuti kameneka ndi anzake ena n'ngosiyana ndi otsalawo, nawapatula, nawayambitsira mbumba yawoyawo, dzina lake Paederus. Kufikira lero Paederus riparius ndiye mwini dzina, ndipo kachikumbu kalikonse kamene munthu afuna kukalowetsa mu mbumbayi kayenera kufanizidwa ndi iye.

Tsopano nkhaniyi ikufika pakhomo pathu. M'chaka cha 1840, ku Berlin, Wilhelm Erichson anamaliza buku lalikulu lolongosola fuko lonseli monga linadziwikira masiku amenewo, ndipo m'menemo anatcha mtundu wina Paederus sabaeus, umene lero udziwika kuti ndi wofala m'maiko ambiri a Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara, dziko lathu lino lili pakati pawo. Patangopita zaka zitatu, mnzake wa mumzinda womwewo, Wilhelm Peters, anafika ku Mozambique, nakwera mtsinje wa Zambezi, nakhala miyezi yambiri ku Tete, zaka zoposa khumi David Livingstone asanapondepo phazi m'chaka cha 1856. Anatola nsomba, njoka, mbewa ndi tizirombo, nabwerera nazo kwawo mu 1848. Kapuku, mbewa yonona ija imene mnyamata aliyense wa kuno aidziwa, dzina lake la m'mabuku a dziko lonse, Steatomys pratensis, analipatsidwa ndi Peters mu 1846, ndipo malo olembedwa pambali pa dzinalo ndi Tete. Zikumbu zimene anatola anazilongosola Klug ndi Gerstaecker, ndipo mtundu wina wa dzodzwe, chikumbu chija cha mizere chimene chimadya maluwa a nyemba, Gerstaecker anautcha Mylabris tettensis mu 1854, kutengera dzina la mzinda wathu. Dzodzwe nayenso amatulutsa matuza pakhungu, koma ndi wa fuko lina, Meloidae, ndipo ululu wake ndi wina. Musamusokoneze ndi kathu ka lero.

Sindikudandaula kuti alendo anachita zimenezi, pakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ntchito yawo inali ya khama ndi yoona. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti dzina la Peters lili m'mabuku, koma la munthu amene anamuonetsa una wa kapuku silimveka. Ndiponso kuti zamoyo zimene maina anakhazikikapo zikugona m'makabati a ku Ulaya, pamene zidzukulu za eni nthaka sizinauzidwepo kuti mzinda wawo unalembedwa m'maina a zolengedwa.

Mbumba ikakula, milandu siichedwa. Pakati pa 1946 ndi 1949 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Gaston-François de Witte linatola tizirombo tochuluka zedi m'nkhalango ya Upemba ku Katanga, ndipo Gaston Fagel wa ku Belgium, atapenda zikumbu zimenezi pamodzi ndi zina za m'Africa, anagamula mu 1958 kuti mbumba ya Paederus inalandira anthu a eni ambiri, naigawa, natcha magawo ena maina atsopano monga Pachypaederus. Akatswiri ena anavomera, ena anakayika, ndipo J. Howard Frank wa ku Florida, amene mu 1987 iye ndi K. Kanamitsu wa ku Japan anawerenga mitundu yoposa 600, polemba mndandanda wa maina onse mu 1988 anawasonkhanitsanso pansi pa denga limodzi, kuti wofufuza asasokere. Chovuta chake n'chakuti chovala chimanyenga. Mitundu yambiri imavala kufiira ndi kuda komweko, chenjezo kwa adani kuti muli ululu muno, kotero kuti diso silingasiyanitse Paederus sabaeus ndi abale ake ena. Katswiri ayenera kutenga champhongo, natulutsa ziwalo zake zobisika ndi kasingano, naziyang'ana pa makina okuzira zinthu, pakuti m'menemo ndi mmene mtundu uliwonse uli ndi chizindikiro chakechake. Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani. Yankho ndi ili: mwa mitundu yoposa 600 ija, yodziwika kuti yatenthapo anthu ndi 20 kapena 30 chabe, ndipo dokotala kapena mlangizi wa zaulimi amene sadziwa mtundu umene uli m'dera lake sangadziwe mwezi woti achenjeze anthu, kapena malo amene ukuswanirana.

Nanga timakhala kuti? Mbumbayi ipezeka m'zigawo zonse za dziko lapansi kupatula Antarctica, koma ichulukitsa m'maiko otentha, ndipo kulikonse chimene imalondola ndi chinyezi: magombe a mitsinje, madambo, minda ya mpunga, madimba othirira. Chachikazi chimaikira mazira limodzilimodzi m'dothi lonyowa. Mphutsi yake imafundula kamodzi, ikulanso, kenaka imagona m'dothi momwemo kufikira itasanduka chikumbu. Dothi likauma, mazira ndi mphutsi zimafa. Pali mitundu ya mapiko amphamvu, imene imauluka usiku ndi kufalikira maiko ambiri, monga sabaeus kuno ku Africa ndi fuscipes kuyambira ku Ulaya mpaka ku Asia. Palinso ina, makamaka ya m'mapiri, imene mapiko ake owulukira anafota, ndipo imakhala m'masamba owola a m'nkhalango za m'dera limodzi, osapezeka kwina kulikonse. Taganizani tsono za dziko lathu lino. Kumunsi ku Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndi dziko la malambe ndi dothi louma, ndipo kachikumbu kokonda chinyezi kayenera kumamatira m'mphepete mwa Zambezi ndi Revúboè kufikira mvula itagwa. Koma msewu ukamakwera kulinga ku Zóbuè ndi malire a Mwanza, mphepo imazizira, mvula ichuluka, ndipo m'zigwa za mapiri mumakhala monyowa nthawi yaitali. Maiko awiri osiyana chotere ali m'boma limodzi, ndipo munthu wofuna kudziwa kuti mtundu uwu ukulekeza pati, winawo ukuyambira pati, sangapeze malo abwino ophunzirira oposa ano.

Inu amene munakulira ku Malabwe, musanasamutsidwire ku Cateme pamodzi ndi anzanu a ku Chipanga, Mithete ndi Bagamoyo m'zaka za 2009 ndi 2010 kuti mgodi wa malasha upeze malo, mukukumbukira madimba a m'mbali mwa mtsinje. M'malo otere kachikumbu aka kamakhala mwamtendere ndi mlimi, kakumugwirira ntchito yosalipidwa, pakuti chakudya chake ndi nsabwe za m'masamba, mazira a tizirombo ndi timbozi tating'ono toononga mbewu. Chimene chimakatulutsa m'dimba ndi kukalowetsa m'nyumba ndi nyali. Koloboyi wa makolo athu sanali kuwala patali. Koma magetsi oyera a masiku ano, a pamigodi amene sazima usiku wonse, a pachipata cha malire pamene magalimoto a katundu amagona, a m'zipatala ndi m'nyumba zogona ana a sukulu, amaitana tizikumbu kuchokera kutali. Si chinthu chatsopano ayi. Nkhani yoyamba imene madokotala a ku Ulaya analemba za matendawa, ya Vorderman mu 1901, inali ya anthu ogwira ntchito pa nsanja ya nyali yotsogolera zombo pa chilumba cha Java. Mu Meyi 1993, mvula ikutha, Paederus sabaeus anadzaza mizinda ya Brazzaville, Kinshasa, Libreville, Franceville ndi Bangui nthawi imodzi; ndipo mvula yoopsa ya El Niño ya 1997 ndi 1998 itagwa ku Kenya, sabaeus ndi mbale wake eximius anasautsa anthu ambirimbiri. Kumeneko amakatcha ntchentche ya ku Nairobi, ngakhale si ntchentche. Ife amene tinaona madzi a namondwe Ana akugumula mlatho wa pa Revúboè mu Januwale 2022 tidziwa kuti zaka za mvula yosefukira sizili kutali nafe, ndipo chaka chotere ndicho chimachulukitsa tizikumbuti.

Taonani tsono mmene chilonda chimadzera. Mnyamata wagona pafupi ndi zenera, nyali ili chiyakire. Pakati pa usiku amva kanthu kakuyenda pakhosi, ndipo ali m'tulo momwemo akapwanya ndi chikhatho, napukuta chotsetsereka, kenaka atikita diso ndi dzanja lomwelo. M'mawa palibe chimene aona. Koma pakutha tsiku limodzi kapena awiri, pakhosi patuluka mzere wofiira wotentha ngati moto, wotsata njira imene dzanja linadzera. Pamzerepo patumphuka timatuza. Chikope chatupa, diso lafiira ndipo likukha misozi. Ngati anakapwanyira pamfundo ya mkono, nagona ataupinda, zilonda zimakhala ziwiri zofanana, china uku china uku, pamene khungu linakhudzana. Ululu umene wachita zimenezi suli m'kamwa kapena kumchira, uli m'madzi a m'thupi mwa kachikumbuko, ndipo sutuluka pokhapokha kataphwanyidwa. Mario Pavan ndi mnzake Bo a ku Italy anautcha pederin mu 1953, ndipo kuti akatswiri adziwe mapangidwe ake panafunika tizikumbu 25 miliyoni totoledwa m'minda. Umaletsa timagawo ta khungu kupanga zomangira thupi ndi kugawikana, n'chifukwa chake chilonda chimachedwa kuoneka. Chodabwitsa china chinaululika pambuyo pake ku Germany: Rupert Kellner ndi Konrad Dettner anapeza kuti ndi zazikazi zimene zimakhala ndi ululu wambiri, ndi kuti zimauika m'mazira kuti akangaude asadye ana awo, ndipo pofika 2002 Kellner ndi Jörn Piel anaonetsa kuti wopanga ululuwo si chikumbu chenicheni, koma mabakiteriya a mbumba ya Pseudomonas okhala m'thupi mwake, amene mayi amapatsira ana ake kudzera pa chikamba cha dzira.

Anthu a maiko ena anakadziwa kalekale. Ku China, Chen Cangqi analemba za iko m'chaka cha 739. Ku Brazil, kumene amalankhula Chipwitikizi monga ife, amakatcha potó, ndipo dokotala Pirajá da Silva wa ku Bahia analongosola zilonda zake mu 1912. Mu 2002 Scott Norton ndi Christina Lyons analemba m'magazini ya madokotala ya The Lancet kuti mwina zilonda za matuza zimene zinagwera Aigupto m'masiku a Mose zinadza ndi tizikumbu totere, titaswana m'matope a mtsinje wa Nile. Limeneli ndi ganizo lawo chabe, koma likuonetsa kukula kwa chisautso chimene kanthu kochepa chotere kangadzetse.

Apa ndi pamene ndifuna kuti mumvetsetse, makamaka inu amayi ndi inu a zachipatala. Mnyamata uja akatuluka panja ndi mzere wa matuza pakhosi, wina adzati wamukodzera kangaude, wina adzati wapondedwa ndi mfiti, nayamba kulingalira za nkhalamba ya kuseri kwa mudzi; ndipo wina, poona matuzawo, adzanong'oneza mnzake kuti ndi mashingozi, ndiye kuti mwana wa uje ali ndi kachilombo. Mawu otere akatuluka sabwerera m'kamwa. Koma zinthu ziwirizi n'zosiyana. Mashingozi amayamba ndi kuwawa kapena kunyerenyesa masiku angapo matuza asanaoneke, amatsata mtsempha mbali imodzi ya thupi, ndipo sadumphira mbali inayo. Chilonda cha Paederus chimadza mwadzidzidzi pamalo osavala, pankhope, pakhosi, pamikono, chimatsata dzanja, kawirikawiri chimagwira anthu angapo a nyumba imodzi sabata yomweyo, ndipo chimapola pakatha sabata imodzi kufikira masabata atatu, n'kusiya chipsera chakuda chimene chimazimirira pang'onopang'ono. Kuyezetsa magazi n'kwabwino kwa munthu aliyense, ndipo woweruza za chilonda akhale wa kuchipatala. Koma kuloza munthu chala chifukwa cha kachikumbu ka m'dimba ndi tchimo lochokera m'kusadziwa.

Kudziteteza sikufuna ndalama. Kakatera pathupi, kauzireni mpweya kagwe, kapena kachotseni ndi tsamba kapena pepala. Mukakapwanya mwangozi, sambani pamalopo ndi m'manja nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri, musanagwire kumaso. Gonani m'neti, kutumulani zofunda ndi zovala, ikani nyali kutali ndi pogona ndipo muizime pokagona. Diso likatupa kapena chilonda chikachita mafinya, pitani kuchipatala, osapakapo dothi kapena mankhwala otsukira mano. Ndipo musathire mankhwala m'dimba pofuna kukatha, pakuti mudzapha mlonda wa ndiwo zanu.

Chotsala ndi pempho langa kwa inu aphunzitsi. Safunsa anadya phula, ndipo ife takhala nthawi yaitali osafunsa za zamoyo zimene tigona nazo nyumba imodzi. Lero lino kuli Amozambique amene akugwira ntchito imeneyi, ku Museu de História Natural ku Maputo, ndi ku Gorongosa kumene nyumba yofufuzira zamoyo yotchedwa dzina la E. O. Wilson inatsegulidwa mu 2014. Koma iwo sangafike pakhoma lililonse la ku Cateme kapena m'chigwa chilichonse cha ku Zóbuè, pamene inu ndi ana anu muli pomwepo chaka chonse. Pezani kabotolo kotsekeka bwino, muthiremo sipiriti. Kachikumbu kalowetsedwemo ndi pepala, ndi dzanja la mphunzitsi mwini, osati la mwana. Pakapepala kena lembani ndi pensulo, popeza inki imasungunuka, dzina la mudzi, tsiku, mwezi ndi chaka, malo enieni, kaya ndi pa nyali, kaya m'dimba, kaya pansi pa masamba a m'phiri, ndi dzina la mwana amene anakaona poyamba; kapepalako kalowe m'botolo momwemo, pakuti chikumbu chopanda kapepala sichichitira umboni kanthu. Inu a kuchipatala, lembani mwezi ndi mudzi wa wodwala aliyense wobwera ndi chilonda chotere. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, sukulu iliyonse ya m'boma lino la Moatize ikhale ndi botolo lake lokonzeka.